Munthu Wogwada Pansi pa Chipupa cha Dothi

Chipande cha munthu wofukula zakale ku Britain n'chaching'ono, cha mainchesi 4, chosongoka ngati tsamba la mango, ndipo ambiri amakonda chija cholembedwa zilembo za WHS. Chikamagulidwa chimakhala ndi mapewa otambalala, koma pakatha zaka chikupala dothi chimaperepeseka mpaka kutsala kachitsulo kosasiyana kwenikweni ndi supuni ya tiyi. Mwini wake sachitaya, ndipo sabwereketsa mwachisawawa. Kutha kwa chipandecho ndiye chiphaso chake chenicheni, chifukwa kumanena zaka zimene munthuyo wakhala chogwada pansi.

Sachigwira ngati khasu. Amachigoneka chammbali n'kumapala dothi mokokera kwa iye mwini, pang'onopang'ono, akubwerera chambuyo kuti asaponde pamene wayeretsa kale. Uku akupala, uku akumvetsera. Dongo limatsetsereka mwakachetechete ngati sopo, mchenga umalira, nsangalabwi zimagogoda. Dzenje limene munthu wina anakumba zaka 1,900 zapitazo n'kulikwirira ndi zinyalala silibwereranso pa kulimba kwa nthaka imene sinakhudzidwepo, choncho chipande chikafika m'mphepete mwake dzanja limamva kufewa maso asanaone kuti mtundu wa dothi wasintha. Anthu ambiri amayamikira luso limeneli chifukwa cha zinthu zokongola zimene limatulutsa. Ine chimene chimandigometsa n'chakuti dzanja ndi khutu zomwezo, zimene zimawerenga mbiri m'dothi, ndizonso zimadziwa kuti dothilo latsala pang'ono kugwera munthu.

Mzinda wa London unamangidwa pamwamba pa zinyalala zake zomwe. Kachisi wa mulungu wa Aroma wotchedwa Mithras, amene anapezeka mu 1954, ali mamita 7 pansi pa msewu umene anthu akuyendamo lero. Pakati pa msewuwo ndi kachisiyo dothi linayalana miyalomiyalo ngati mabulangete opindidwa m'sutikesi. M'malo ena mumaoneka mzere wofiira wa dongo lopsa, umene ndi chipsera cha moto umene mfumukazi Boudica ndi ankhondo ake anatentha nawo mzindawo m'chaka cha 60 kapena 61. Pamwambapo pali phulusa la moto waukulu wa mu 1666, ndipo pamwamba pa zonse pali zigumukire za nyumba zophulitsidwa ndi mabomba a Germany mu 1940 ndi 1941.

Kuti miyalo imeneyi iwerengeke, wofukula amafuna chipupa choongoka ngati cha nyumba ya mmisiri wodziwa ntchito. Amachipala kuchokera pamwamba kutsika pansi kuti fumbi lisadetse pamene wayeretsa, amakhoma misomali iwiri, n'kumanga chingwe choyezedwa bwino ndi levulo. Kenako amajambula papepala mzere uliwonse ndi mwala uliwonse, sentimita 1 ikuimira masentimita 10. Muyalo uliwonse, dzenje lililonse, ngakhale chibowo chimene munali mzati umene unaola kalekale, zimapatsidwa nambala yakeyake ndi fomu yakeyake. Edward Harris, akugwira ntchito pa zofukulidwa za ku Winchester mu 1973, ndiye anakonza njira yosanjira manambala amenewa ngati mndandanda wa mibadwo ya banja, kusonyeza chimene chinayamba ndi chimene chinabwera pambuyo, ndipo ofukula a Museum of London anaikulitsa njirayi m'zaka za m'ma 1970 mpaka inakhala chizolowezi cha ntchito yonse. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kufukula n'kuwononga. Chimene chachotsedwa sichibwereranso, ndiye chikapanda kulembedwa bwino ndiye kuti chapita basi.

Vuto n'lakuti dothi silikonda kuimirira. Limafuna kugona.

Bungwe loona za chitetezo pa ntchito ku Britain, la Health and Safety Executive, limakumbutsa kuti dothi lodzaza bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu lingathe kulemera kupitirira matani 1.5. Amenewo ndi matumba 30 a chimanga a makilogalamu 50. Silifunika kukwirira mutu kuti liphe. Likangofika pachifuwa, munthu akatulutsa mpweya dothi limatsatira n'kutseka mpata umene watsala, ndipo akafuna kukoka mpweya wina chifuwa chimasowa kofutukukira. Kale malamulo a zomangamanga m'dzikolo ankatchula mamita 1.2 ngati malire amene dzenje likapitirira liyenera kuchirikizidwa. Nambala imeneyi inachotsedwa m'malamulo m'zaka za m'ma 1990, ndipo anachita bwino kuichotsa, chifukwa inkanamiza anthu kuti dzenje losafika pamenepo silingavulaze. Kwa wofukula zakale bodza limeneli n'loopsa kwambiri. Woika mapaipi amagwira ntchito choimirira, koma iyeyu amagwira chogwada, nkhope ili pafupi ndi nthaka, moti chipupa cha mita imodzi yokha chimakhala chitamupitirira mutu.

Apa ndiye pali luso limene silioneka m'nyumba zosungiramo zakale. Pamene malo alipo, dzenje amalikumba masitepe: akatsika pafupifupi mita, amalowa mkati pafupifupi mita n'kuyambanso kutsika, kotero kuti dzenje lakuya limakhala lotambalala kukamwa ngati mtondo. Chipupa chilichonse chimakhala chachifupi, chosatha kukwirira munthu, komabe choongoka moti n'kujambulika. Pakati pa mzinda, pamene mita iliyonse ya malo ndi ndalama zosaneneka, mpata wa masitepe palibe, ndiye amatsitsa malata achitsulo okhuthala m'mbali n'kuwachirikiza ndi mipiringidzo. Malatawo amateteza moyo, koma amabisa chipupa chomwe wofukulayo wabwerera. Njira yake n'kugwira ntchito chidutswachidutswa. Amakumba pang'ono, kupala kachipupa kamene kaoneka, kujambula msanga, kenako malata amatsitsidwa n'kuphimba pamenepo, n'kuyambanso. Mapeto ake papepala pamatuluka chithunzi cha chipupa chathunthu cha mamita angapo chimene palibe munthu anachionapo chonse nthawi imodzi. Kuti zidutswa zimenezo zilumikizane popanda mzere wophonyana, pamafunika munthu amene chingwe chake sichinama.

M'mawa, wina aliyense asanatsike makwerero, munthu wodziwa amazungulira dzenje lonse. Amayang'ana mng'alu woyenda motsata mphepete, ngakhale wochepa ngati ulusi. Amayang'ana ngati chipupa chayamba mimba pakati, ngati pansi pake pali timiyulu ta dothi timene dzulo panalibe, ngati madzi akutuluka m'tsinde. Mvula ikagwa usiku dothi limalemera ndi kufewa. Kukazizira mpaka madzi a m'nthaka kuuma ngati mwala, chipupa chimaoneka cholimba, koma chimagumuka dzuwa likasungunula. Dongo nalonso likauma kwambiri limang'ambika n'kumagwa zibuma. Mulu wa dothi lofukulidwa suyenera kukhala pakamwa pa dzenje, galimoto siyenera kuyandikira, ndipo munthu satsikamo yekha popanda wina pamwamba, poti ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Okumba zitsime kwathu kuno ndi adzukulu kumanda sangadabwe nazo zimenezi. Nawonso amadziwa kuti katondo amaima, mchenga wa kudambo sukhulupirika, ndipo makande amanyenga. Kusiyana kwake n'kwakuti wofukula zakale amakhala m'dzenje limodzimodzilo masabata kapena miyezi, ndipo dothi limene akukumba silachilengedwe. Ndi dothi losokonezedwa ndi anthu mibadwomibadwo, lodzaza maenje akale, zitsime zokwiririka ndi zimbudzi zoiwalika, ndipo chilichonse mwa zimenezi ndi malo ofooka m'chipupa. Amene amadziwa kuzindikira dzenje la nthawi ya Aroma m'chipupa ndi yemweyo amadziwa kuti chipupacho chiyambira pamenepo kugwa.

Ntchito ina imene ndimaiona kuti ndi yapamwamba kuposa zonse ndi yoimirira patsogolo pa katapila. Masiku ano dothi lapamwamba silichotsedwa ndi manja. Amabweretsa chikatapila cholemera matani ambiri, chokhala ndi chifosholo chosalala chopanda mano, ndipo wofukula mmodzi amaima pamene dalaivala akumuona bwino, kunja kwa malo amene mkono wa makinawo ukuzungulira. Phokoso sililola kulankhula, ndiye amalankhulana ndi manja. Chala chikaloza pansi ndiye kuti tsitsa pang'ono, chikhatho chikatambasuka ndiye kuti ima pomwepo. Akalola chifosholo kutsika masentimita ochepa mopitirira, pansi pa nyumba ya zaka 2,000 pamapita pamulu wa zinyalala. Akachiimitsa msanga, anzake adzathyoka misana masabata awiri kuchotsa ndi piki ndi wilibala dothi lopanda kanthu. Maso ake amakhala pa dothi limene likutseguka, komanso pa chitsulo chimene chingamuphwanye chikangotembenuka molakwika. Makinawo asanayambe n'komwe, wina amayenda pamalopo ndi kachida kofufuzira nthambo za magetsi zokwiririka, ndipo m'madera a London amene anaphulitsidwa pankhondo amayamba aona kaye ngati m'nthakamo mungakhale bomba limene silinaphulike. Madalaivala aluso amatha kumeta dothi mopyapyala ngati akusenda mbatata, ndipo wofukula akapeza dalaivala wotere amamusunga ngati m'bale.

Pamalo pamene pali ofesi ya kampani ya Bloomberg mu London, ofukula a bungwe la MOLA anagwira ntchito pakati pa 2010 ndi 2014 m'chigwa cha mtsinje wa Walbrook. Mtsinjewu unakwiriridwa zaka mazana ambiri zapitazo, koma madzi saiwala khwawa, ndipo nthaka ya pamenepo ikadali matope. Matope amenewo, posalola mpweya kulowa, anasunga zinthu zimene kwina konse zimaola: nsapato zachikopa, matabwa a nyumba, ndi timatabwa tolembapo toposa 400. Aroma ankapaka phula pa timatabwato n'kulemba ndi kachitsulo kosongoka. Phula linatha, koma pamene wolemba anasindikiza kwambiri kachitsuloko kanakanda thabwa, ndipo katswiri wina, Roger Tomlin, anawerenga zokandikazo. Kathabwa kena kali ndi tsiku, 8 Januwale chaka cha 57, ndipo ndi kalata ya ngongole. Munthu wina dzina lake Tibullus, amene anali kapolo womasulidwa, akuvomera kuti ali ndi ngongole ya madinari 105 kwa mnzake Gratus.

Taganizirani mmene kathabwa kotere kamaonekera m'matope. N'kakuda, kofewa ngati buledi wonyowa, kosasiyana ndi zidutswa zina zikwizikwi za mitengo yowola. Munthu amene anakatola anali atavala chisoti, jombo zachitsulo kumapazi, magolovesi ndi chovala chowala, ali pansi pa dzenje lakuya, mapampu akulira kuti madzi asadzaze. Anayenera kukazindikira kudzera m'magolovesi, kukanyamula osakathyola, n'kukasunga konyowa chifukwa kakauma kamapindika n'kung'ambika. Ndipo madzi omwewo amene anasunga kalata ya Tibullus ndiwo amafooketsa zipupa, ndiwonso m'malo ngati amenewa angakhale ndi mkodzo wa makoswe umene umafalitsa matenda otchedwa Weil, oyamba ngati chimfine koma otha kuwononga impso ndi chiwindi. N'chifukwa chake kabala kakang'ono pachala kamamatidwa munthu asanatsike, katemera wa kafumbata sachita naye mphwayi, ndipo palibe amadya asanasambe m'manja.

Nthawi zina choopsa chimachokera kwa akufa eniake. Kuyambira 1984 mpaka 1986 ofukula anatulutsa mitembo pafupifupi 1,000 m'zipinda zapansi pa tchalitchi cha Christ Church ku Spitalfields, ya anthu amene anaikidwa m'zaka za m'ma 1700 mpaka chapakati pa zaka za m'ma 1800. Ambiri anali m'mabokosi a mtovu, ena otsekeka bwino moti matupi anali asanaole kwathunthu. Nthomba inali italengezedwa kuti yatha padziko lonse mu 1980, ndiye mantha anali akuti mwina kachilombo kake kakadali kamoyo m'bokosi lina. Mtembo wina utapezeka ndi zipsera zokayikitsa ntchito inaima mpaka atayeza n'kupeza kuti palibe kachilombo kamoyo. Fumbi la mtovu ndilo linali mdani weniweni, moti ogwira ntchito ankayezedwa magazi. Anthu amenewa anapirira mdima, fungo ndi fumbi, n'kulemba bokosi lililonse mosamala, ndipo chifukwa mabokosi pafupifupi 400 anali ndi mayina ndi zaka za omwalira, akatswiri a mafupa anapeza mwayi woyesa ngati njira zawo zodziwira zaka za munthu kuchokera ku mafupa zinali zolondola. Zinapezeka kuti pa anthu akuluakulu zinkaphonya kawirikawiri.

Komabe chimene chimachotsa anthu ambiri pa ntchitoyi si chipupa chogumuka kapena matenda a m'bokosi. Ndi mawondo, msana ndi mikono. Kugwada m'dothi lozizira maola ambiri patsiku, kukankha wilibala yodzaza pathabwa loterera, kupala dongo louma ndi dzanja limodzimodzi chaka ndi chaka, zonsezi zimadya thupi mosaonekera. Wodziwa ntchito amaponya fosholo ndi miyendo osati ndi msana, amasinthanitsa ntchito yolemera ndi yojambula, ndipo sadzaza wilibala pofuna kuonetsa mphamvu. Zimenezi saphunzira ku yunivesite. Amaonera kwa mnzake wachikulire amene ali naye m'dzenje, ngati mnzakeyo akadalipo.

Mawu akuti "ngati akadalipo" ndiwo akutifikitsa pa nkhani ya malipiro. Mu 1989, pokonzekera kumanga maofesi ku Southwark, ofukula anapeza maziko a Rose, nyumba ya zisudzo ya mu 1587 imene masewero a Shakespeare ndi Marlowe ankaonetsedwamo. Ochita zisudzo otchuka monga Peggy Ashcroft ndi Ian McKellen anakaima pamalopo kuti makina asawononge, ndipo phokoso lake linachititsa manyazi boma. Mu Novembala 1990 panatuluka ndondomeko yotchedwa PPG16, yonena kuti ku England amene akufuna kumanga ndiye azilipira kufufuza ndi kufukula zakale zimene nyumba yake iwononge. Ndondomekoyi inasintha mayina pambuyo pake, koma mfundo yake ikugwirabe ntchito, ndipo inabweretsa ndalama ndi ntchito zochuluka kuposa kale lonse. Inabweretsanso msika wachilendo. Womanga nyumba safuna mbiri. Chimene akugula ndi dzenje lopanda kanthu ndi chikalata chomulola kuthira konkire. Makampani ofukula amapikisana pa mtengo, ndipo kwa wogula amene alibe chidwi ndi katunduyo, wotchipa ndi wofulumira ndiye amakoma. Pa ntchito imene chida chake chachikulu ndi munthu, malo otsitsira mtengo ndi pamunthu pomwepo.

Zotsatira zake ndi moyo umene Amalawi tingautche dzina lake lenileni, ganyu, ngakhale kuti wogwira ganyuyo ali ndi digiri. Kontirakiti ya masabata kapena miyezi yowerengeka, kenako kulongedza chikwama kupita ku mzinda wina, kugona m'chipinda chobwereka ndi anthu osawadziwa, kusadziwa ngati mwezi wamawa lendi ipezeka. Paul Everill, amene anagwirapo ntchitoyi, anafufuza za moyo wa anthu amenewa n'kutulutsa buku mu 2009 lotchedwa The Invisible Diggers, kutanthauza okumba osaoneka. Ntchito yawo imakwera ndi kutsika limodzi ndi zomangamanga. Kafukufuku wa Kenneth Aitchison ndi anzake anapeza kuti m'chaka cha 2007 mpaka 2008 ku United Kingdom kunali akatswiri a zakale 6,865, koma chuma chitagwa n'kumanga kuima, pofika 2012 mpaka 2013 anatsala 4,792. Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse anachoka. Kenako mphepo inatembenuka. Mu 2015, pokonza njanji ya Crossrail, ofukula 60 ankasinthana masiku 6 pasabata kutulutsa mafupa a anthu pafupifupi 3,000 m'manda akale a Bedlam pa Liverpool Street, ndipo njanji ya HS2 inafuna anthu oposa 1,000, mpaka makampani kumasowa antchito odziwa. Mu Okutobala 2023 boma linalengeza kuti gawo la njanjiyo lopita ku Manchester silimangidwanso.

Ena amaona ngati chitetezo pa ntchito ndi kukhazikika kwa ntchito ndi nkhani ziwiri, imodzi ya zisoti ndi ina ya mabwana a muofesi. M'dzenje ndi nkhani imodzi. Mng'alu wa m'chipupa amauona ndi munthu wogwada pansi pake, osati wolemba mapepala, ndipo akauona ayenera kutsegula pakamwa n'kunena kuti tonse titulukemo, uku akudziwa kuti ntchito yachedwa kale ndi masiku atatu, womanga akuloza wotchi, ndipo kontirakiti yake ikutha Lachisanu. Lamulo la mu 1974 la zaumoyo ndi chitetezo pa ntchito lili kumbali yake, inde, koma palibe lamulo limene limakakamiza kampani kumuitananso Lolemba. Munthu amene sakudziwa za mawa amaphunzira kukhala chete, amabisa bondo lotupa, amatsika m'dzenje limene mtima wake ukukana. Komanso malo amene antchito amasintha mwezi ndi mwezi amasowa uja wachikulire amene akudziwa kuti ngodya ya kumpoto ija imatuluka madzi mvula ikagwa. Bungwe la Chartered Institute for Archaeologists, limene linayamba mu 1982 n'kulandira chikalata cha ufumu mu 2014, ndi bungwe la apantchito la Prospect, akhala akulimbana ndi nkhani za malipiro ndi kagwiridwe ka ntchito kwa zaka zambiri. Zisoti, mipanda ndi malo osambira m'manja zinafika pamalo ofukula msanga kuposa makontirakiti okhalitsa.

Tsiku lomaliza, zipupa zonse zija zimene zinapalidwa mosamala ngati nkhope ya mkwatibwi zimasiyidwira makina, ndipo pakapita miyezi pamakhala zipilala za konkire. Pansi pa ofesi ya Bloomberg pali malo amene anatsegulidwa mu Novembala 2017, pamene munthu amatha kutsika n'kukaona kachisi wa Mithras atamangidwanso pafupi ndi pamene anapezeka, komanso zina mwa zinthu zimene zinatuluka m'matope a Walbrook zitaikidwa kuseri kwa galasi. Dzina la Tibullus limadziwika, la Gratus limadziwika, ndi kuchuluka kwa ngongole yawo komwe. Mafomu ndi zojambula za malo ofukulidwa mu London zimasungidwa m'mabokosi a makatoni, ndipo m'munsi mwa fomu iliyonse muli kabokosi kakang'ono kolembamo tsiku ndi zilembo zoyamba za dzina la amene anapala muyalo umenewo. Zilembozo zimakhala ziwiri kapena zitatu, zolembedwa ndi dzanja lozizidwa, ndipo nthawi zambiri pambali pake pamakhala chidindo cha chala chamatope.